Laisensi ndili nayo, khadi la kalabu ndili nalo, bwanji akundikaniza pistol?

Funso: Ndimakhala ku Alberta m'dziko la Canada. Ndili ndi chilolezo chokhazikika kuno koma sindinakhale nzika. Anzanga anandiuza kuti munthu sangagule pistol ngati sali membala wa kalabu yowombera mfuti. Ndinalowa kalabu, ndinalipira ya chaka chonse, ndinachita maphunziro, mpaka laisensi ya mfuti za gulu la restricted, momwe muli ma pistol, inatuluka. Nditapita kusitolo anandibweza. Panopa apongozi anga aamuna atisiya, ndipo asiya pistol yomwe analembetsa bwinobwino kuboma. Alamu anga akuti ndingoitenga poti m'banja monse wa laisensi ndine ndekha. Kodi umembalawu ndi wofunikadi, kapena ndinangotaya ndalama? Nanga mfutiyi ndikaitenge?

Yankho: Bambo, mfutiyo musakaitenge. Ndayamba dala ndi funso lachiwiri, chifukwa loyambalo likukhudza ndalama zomwe zinapita kale, pomwe ili lingakugonekeni m'chitokosi n'kukusokonezeraninso mapepala okhalira m'dzikomo.

Za kalabu, anzanu aja sanakunamizeni kwenikweni, koma anakuuzani nkhani yakale. Mukawerenga lamulo la mfuti la Canada, Firearms Act la 1995, simupezamo chiganizo chonena kuti wogula pistol akhale membala wa kalabu. Zomwe gawo 28 likunena n'zakuti mkulu woona za mfuti m'chigawo chanu, yemwe amamutcha Chief Firearms Officer, asalole kuti mfuti ya restricted ipite m'manja mwanu pokhapokha atakhutira ndi cholinga chanu. Zolinga zovomerezeka n'zowerengeka: kuwombera chandamale pamalo ovomerezeka, kusonkhanitsa mfuti monga munthu wodziwa mbiri ndi kapangidwe kake, ntchito yofuna mfuti, ndi kuteteza moyo, ngakhale chomalizachi amachivomereza mwa apo ndi apo zedi. Ndiye munthu akanena kuti akufuna kuwombera chandamale, akuluakuluwo ankafunsa kuti adzawombera kuti, ndipo umboni wosavuta unali khadi la kalabu. Zigawo zina zinkaliumirira, zina ayi, lamulo lili limodzi lomwelo, ndipo wofunsa chifukwa chake sankapatsidwa yankho logwira mtima. Ku Quebec ndiye analemba poyera m'lamulo la chigawo chawo, lomwe linabwera pambuyo pa chiwembu chowombera anthu pa Dawson College ku Montreal mu 2006: wowombera chandamale ndi mfuti ya restricted akhale membala, ndipo akatha chaka osapondako, umembalawo umagwa.

Zonsezi zinali ndi ntchito kwa wogula mpaka pa 21 Okutobala 2022. Kuyambira tsiku limeneli boma linaimitsa kugula, kugulitsa ndi kupatsana ma pistol pakati pa anthu wamba m'dziko lonse, ndipo pa 15 Disembala 2023 chiletsocho chinalowa m'lamulo lenilenilo kudzera mu Bill C-21. Amene anali nazo kale akusungabe ndipo akuwomberabe. Watsopano amene angalandire ndi yekhayo wokhala ndi chilolezo chapadera choyenda ndi mfuti chifukwa cha ntchito kapena chitetezo cha moyo, kapena wophunzira, wopikisana ngakhalenso wophunzitsa masewero owombera a mtundu womwe uli pa ndandanda wa Olympics kapena Paralympics, ndipo ameneyu amafunika kalata yochokera kubungwe loyendetsa masewerowo m'dziko kapena m'chigawo. Khadi la kalabu wamba silikulowetsani m'gulu limeneli. A sitolo aja anachita zoyenera. Chimene chimanditopetsa n'choti munthu amadutsa maphunziro onse awiri, a mfuti wamba ndi a mfuti za restricted, amalipira, amadikira masiku osachepera 28 omwe lamulo limafuna, laisensi n'kutuluka, popanda amene wamukhazika pansi n'kumuuza kuti pistol yomwe akuivutikirayo saigula.

Tsopano msampha weniweni. Anthu ambiri amaganiza kuti laisensi ndiyo zonse. Ayi. Pa mfuti ya restricted pamafunika mapepala awiri: laisensi, yomwe ndi ya munthu, ndi satifiketi ya kaundula, yomwe ndi ya mfuti imeneyo, yokhala ndi nambala yake komanso dzina la mwini wake. Zili ngati laisensi yoyendetsera galimoto ndi bulubuku: kukhala dalaivala sikukusandutsani mwini wa galimoto iliyonse yomwe mwapeza makiyi ake. Satifiketi ya pistol imeneyi ili m'dzina la malemu. Kuti ituluke m'dzina lanu, pafunika Chief Firearms Officer avomereze kusamutsako mfuti isanachoke pomwe ili, ndipo chifukwa cha chiletso chija, sangavomereze. Cholowa sichinapatulidwe pa chiletsocho. Ngakhale apongozi akanalemba m'wilo ndi dzanja lawo kuti pistol ndi ya mkamwini wanga, sizikanasintha kanthu.

Milandu yotereyi ndaiona ikugwetsa anthu opanda mbiri iliyonse yoipa, ndipo imayamba mofanana. Maliro atha, banja likugawana katundu, wina akuti muli ana m'nyumba muno, chinthuchi chichoke. Wa laisensi amaika kabokosiko m'buti mwa galimoto ndi mtima wothandiza, n'kukatsekera m'sefa yake kunyumba, zonse mwaudongo. Pamapita miyezi. Kenako a kaundula amalemba kalata kufunsa komwe kuli mfuti ya malemu, kapena pamabuka mkangano wa chuma cha masiye, m'bale wina wokwiya n'kuimbira apolisi. Apolisi akafika safunsa za mtima wanu, amafunsa satifiketi. Gawo 91 la Criminal Code, lamulo la milandu yaupandu, limati kukhala ndi mfuti ya restricted popanda mapepala onse awiri ndi mlandu womwe chilango chake chingafike zaka 5. Gawo 92, la munthu amene akudziwa kuti alibe mapepalawo, limafika zaka 10, ndipo inu mukawerenga yankho lino simunganenenso kuti simunkadziwa. Ulendo wa pagalimoto uja nawonso ndi mlandu pawokha, popeza mfuti yotere siyenda popanda chilolezo choinyamulira. Ndipo wokupatsaniyo sapulumuka, gawo 101 likumudikira. Alamu anuwo muwauze zimenezi, poti malangizo akupereka mwaulere koma kukhoti kukaima ndinu.

Kwa inu pali china choposa ndende. Pansi pa gawo 36 la Immigration and Refugee Protection Act, lamulo la anthu obwera kudzakhala m'dzikomo, munthu yemwe si nzika akapezeka wolakwa pa mlandu womwe chilango chake chachikulu ndi zaka 10 kapena kuposa, amaonedwa ngati wosayenera kukhala m'dzikomo, ngakhale woweruza atamupatsa chilango chochepa. Zimakhalanso chimodzimodzi akalamulidwa kukhala m'ndende kupitirira miyezi 6. Sindikunena kuti aliyense wogwidwa chonchi amathamangitsidwa. Nthawi zina woimira boma amasankha mlandu wocheperapo, nthawi zina nkhani imatha ndi kulanda mfutiyo basi. Zimatengera chigawo, wapolisi, woimira boma ndi zomwe munayankhula tsiku loyamba. Koma palibe loya woona mtima amene angakulonjezeni kuti zidzakuyenderani choncho, ndipo ine sindingaike mapepala a banja lonse pachiswe chifukwa cha pistol imodzi.

Amene lamulo likumulola kugwira mfutiyi kwakanthawi ndi woyang'anira chuma cha masiye, uja wotchulidwa m'wilo kapena woikidwa ndi khoti. Ameneyu sasowa laisensi yakeyake, bola asakhale munthu woletsedwa ndi khoti kukhala ndi mfuti. Koma waloledwa kuisunga pofuna kuichotsa mwalamulo m'nthawi yoyenera, osati kupita nayo kukalabu Loweruka. Lamulo silinatchule chiwerengero cha masiku, ndipo ichi chisakupusitseni kuti nthawi ilipo yambiri. Woweruza ndiye adzaone ngati kuchedwako kunali ndi chifukwa. Ngati woyang'anirayo ndi mayi akunyumba kwanu kapena inu amene, zimenezi sizikutsegulirani khomo lakuseri. Mukhala wosungira chabe.

Zochita zake n'zachidule. Mfuti ikhale pomwe ili, yopanda zipolopolo, yotsekedwa ndi loko wa pachowombera, m'bokosi lokiya kapena m'sefa. Woyang'anira chuma aimbire a Canadian Firearms Program, ofesi ya boma yoona za mfuti, pa 1-800-731-4000, anene za imfayo, adzaze fomu RCMP 6016 ndi kutumiza pamodzi ndi chikalata cha imfa. Kuchokera apo njira ndi izi: kuigulitsa kapena kuipereka kubizinesi yokhala ndi laisensi yoyenera kapena kumalo osungirako zinthu zakale, kuipereka kwa munthu wa m'magulu opatulidwa aja, kuitumiza kunja mwalamulo, kuipititsa kwa mmisiri wovomerezeka kuti aiphe isadzawomberenso ngati banja likufuna chikumbutso, kapena kuisiya m'manja mwa apolisi. Mukasankha apolisi, imbani kaye pa nambala yawo yosakhala yangozi, akuuzeni chochita. Musatulukire nayo pakauntala.

Ndalama za kalabu sizinapite zonse m'madzi. Mungathe kuwombera pistol pamalo ovomerezeka moyang'aniridwa ndi munthu wololedwa kukhala nayo, iye ali pambali panu. Zoti akubwezereni ndalama zikutengera pangano lomwe munasaina, ndipo ndikukayika ngati muli mawu okukomerani, koma liwerengeni.

Kwa owerenga amene anagula pistol chiletso chisanabwere, kwa inu ndiye khadi la kalabu likadali ndi ntchito. Laisensi imatha pakapita zaka 5, ndipo poikonzanso gawo 67 la Firearms Act limapatsa Chief Firearms Officer mphamvu yoona ngati mfutiyo mukuigwiritsadi ntchito pa cholinga chomwe munanena. Amene umembala wake unatha kalekale ndipo alibe umboni woti amapita kukawombera angalandidwe satifiketi, ndipo ikapita masiku ano kuipezanso n'kovuta. Sungani malisiti.

Akakukanizani kapena kukulandani laisensi, satifiketi kapena chilolezo chonyamulira, gawo 74 la lamulo lomweli limakupatsani masiku 30 kuchokera pomwe mwalandira kalata kuti mukadandaule kwa woweruza wa khoti la chigawo. Kuimbaimba foni kuofesi sikuimitsa masikuwo, ndipo kukhotiko udindo wosonyeza kuti analakwitsa uli pa inu, osati pa iwo. Kubwezedwa pakamwa kusitolo si chigamulo chopita nacho kukhoti.

Amene mukufuna kufunsira laisensi koyamba musanakwanitse zaka 5 m'Canada, adzakufunsani kalata ya apolisi a dziko lomwe munachokera yotsimikiza za khalidwe lanu, ndiye ya ku Malawi kapena ku Zambia muyambe kuitsata msanga. Mafunso a pafomu okhudza mwamuna kapena mkazi wanu, ngakhale amene munasiyana naye posachedwapa, muyankhe zoona, chifukwa kunama pamenepo ndi mlandu pansi pa gawo 106 la Firearms Act.

Inu bambo, ngati mfutiyo mwaitenga kale musanandilembere, musaibweze mwakachetechete usiku ndipo musayambe kufotokozera apolisi nokha. Pezani loya wa milandu yaupandu ku Alberta konko lero, mumuuze poyambirira kuti si inu nzika, ndipo iye ndiye akonze za kaperekedwe kake.