Anzanga anaseka filimu imene ine ndinalira nayo

Lachiwiri usiku ndinalandira imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Lilongwe. Akuti ali pagulu la WhatsApp ndi anzawo a kusekondale, ndipo akaonera filimu yowakhudza amaponya dzina lake pamenepo, koma palibe amene amaionera. Mmodzi yekha amene anayesako anangobweza kuti "inandigonetsa tulo". Ndiye akufunsa ngati asiye, kapena ngati ilipo njira yoti anzawowo aziona zimene iwo amakonda.

Achemwali, mwaponda pachilonda. Mundipirire, ndiyambira kutali.

Ine ndinakulira ku Ndirande nthawi imene kwathu ndi kwa oyandikana nafe onse kunalibe kanema. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo ngakhale itayamba, sikirini inali ya anthu owerengeka. Ife filimu tinkaionera ku vidiyo sho: kachipinda ka zidina, mabenchi a matabwa olasa, chiguduli pakhomo, deki ndi tepi, ndi chisipika panja choitanira anthu. Pakabolodi ankalemba ndi choko kuti masana Bruce Lee, madzulo Van Damme, usiku Chuck Norris. Maina a mafilimu sitinkawadziwa ndipo tinalibe nawo ntchito. Tinkangofunsa kuti mwini filimu ndani.

Ndalama yolowera sinkapezeka tsiku lililonse. Pagulu pathu tinalipo asanu ndi mmodzi, ndiye tinkasonkha timatambala n'kutuma mmodzi kuti akationerere. Kawirikawiri tinkatuma mwana wa a telala. Sikuti ankamva Chingerezi ayi, Sitandade 5 anaibwereza kawiri, koma pakamwa pake panali mphatso. Akatuluka tinkakhala pansi pa mtengo wa mango, iye n'kuvula malaya, n'kuyamba. Ankakhala mwini filimu, ankakhala chigawenga, ankakhala ngakhale galimoto yogubuduzika. Filimu ya ola limodzi ndi theka ankaifotokoza maola awiri, ndipo pamene sanamve ankangodzazapo zake. Tsiku lina anatiuza kuti mwini filimu akubwezera chifukwa zigawenga zinamubera mbuzi za bambo ake. Mbuzi ku Hong Kong! Koma kutacha tonse tinali pa mtaya kutolera mabotolo ogulitsa kuti tikaone ndi maso athu. Nthawi zina tinkatuluka tili okhumudwa, poti yeniyeniyo inkachepa mphamvu poyerekeza ndi ya pansi pa mango ija.

Mnyamata ameneyo sanatiuzepo kuti "ndi yabwino, mukaonere". Ankangotisiya ndi njala.

Ndikamva anyamata amene masiku ano amamasulira mafilimu m'Chichewa, aja amachititsa msilikali wa ku China kudandaula za mtengo wa minibasi ya ku Bangwe, ndimati awa ndi adzukulu a mwana wa a telala. Anthu ophunzira amawanyoza kuti akuononga mafilimu. Ine sindiwanyoza. Agogo anga anaonera filimu ya ku India kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akukangana ndi apongozi a m'filimumo, chifukwa cha anyamata amenewa. Zoti eni mafilimuwo sapezapo kanthu ndi zoona, ndipo ndi mlandu, koma ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano chilonda chija.

Mu 2019 inatuluka pa Netflix filimu ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, ya mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu amene anasiya sukulu chifukwa cha fizi n'kupanga makina a mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Ndinaionera ndekha usiku, ana atagona. Nkhani yake imachitika mkati mwa njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ine njala imeneyo ndimaikumbuka. Ndinali Fomu 3. Mayi ankaphika nsima ya gaga kamodzi patsiku, madzulo, kuti tigone m'mimba muli kanthu. Abale ankachokera kumudzi atanyamula mbale ndi mipando yogulitsa, ena n'kukhala sabata yathunthu osanena kuti abwerera liti, chifukwa kobwererako kunalibe chodya. Itafika pomwe anthu akulimbirana chimanga, ndinaimitsa filimu n'kutuluka panja. Ndinalira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Loweruka lotsatira ndinaitana anzanga asanu. Ndinakazinga mtedza, ndinagula zakumwa, ndinalumikiza kompyuta ku sikirini, mipando ndinaiyala ngati kutchalitchi. Sindinawauze kalikonse, ndinangoti bwerani mudzaone chinthu. Mumtima ndinali nditaona kale nkhope zawo zitagwa, wina akupukuta maso, wina akundigwira dzanja kuti aise watithandiza.

Sipanathe mphindi khumi. Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyo komanso kusewera ngati bambo a William, anangotsegula pakamwa kuyankhula Chichewa, nyumba yonse inaphulika. Munthuyo anabadwira ku London, makolo ake ndi a ku Nigeria, Chichewa anachita kuphunzirira filimuyo. Mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Ndiye mawu ena ankatuluka opindika, ndipo anzanga sanawakhululukire. "Bwezera, bwezera timvenso!" Wina anaimirira n'kuyamba kutsanzira. Wina anati angakhale bwino atawatenga anyamata omasulira aja kuti amasulire Chichewacho m'Chichewa. Amene ankaseka kwambiri, mpaka kugwira m'nthiti, anali mnzanga wa ku Kasungu komweko. Pakati penipeni iye anatuluka, akuti akukagula mayunitsi. Kenako magetsi anathima. Pomwe ankayaka, awiri anali atapita kukaonera mpira, ndipo otsalawo anali pa nkhani ya mitengo ya feteleza.

Ndinakwiya mwezi wathunthu. Ndinatuluka ngakhale pagulu lathu la WhatsApp, anachita kundibwezeramo mondinyengerera ngati mwana. Ndinkauza akunyumba kuti anthu amenewa ndi osazama, amangodziwa mpira ndi mafilimu owomberana. Akunyumba anangondifunsa kuti, "Kodi munawaitanira kudzaonera filimu kapena kudzakuonererani mukulira?" Sindinawayankhe, ndipo nsima ya tsiku limenelo ndinaidya mosakondwa.

Apa ndinene mosapsatira, achemwali, ngakhale ziwawe. Kuponya dzina la filimu pagulu si kuuza munthu filimu. Ndi kumulembera ntchito. Inuyo kulembako kwakutengerani kamphindi, koma mnzanuyo mwamupempha maola awiri, bandulo, magetsi, ndi bata la m'nyumba loti ana agone. Munthu waweruka 5 koloko, waima pa siteji kudikira minibasi, wafika kunyumba kwada, waphika, wachapa yunifomu. Akakhala pansi n'kutsegula filimu ya ku Nigeria imene akudziwa kale kuti apongozi oipa aja achita misala kumapeto, sikuti ndi wopepera. Akupuma. Filimu yanu yozamayo ikufuna mphamvu zimene wazisiya kuntchito. Ndipo amene amatumiza mndandanda wa mafilimu khumi nthawi imodzi, amenewo ndiye sindiwamvetsa n'komwe. Mlendo simumuikira miphika khumi patsogolo n'kumuuza kuti malizani. Mndandanda wotere sulembedwa kuti wina aonere, umalembedwa kuti anthu adziwe kuti wolembayo amaonera zapamwamba. Oipitsitsa ndi aja amafunsa kuti "aa, kodi simunaionerebe?" atakweza nsidze ngati mwapezeka osasamba. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndiye ndikuwadziwa bwino.

Ndiululenso china. Mlongo wanga ali ku Johannesburg, ndipo zaka ziwiri tsopano akundikakamiza sewero lina la ku Korea la zigawo zambirimbiri. Amandiimbira, amanditumizira zithunzi, anafika pondigulira bandulo. Ine ndinangowerenga chidule chake pa intaneti n'kumuuza kuti ndaonera, ndi labwino zedi. Anandifunsa kuti ndinamva bwanji mtsikana uja atamwalira. Ndinati zinandikhudza kwambiri. Anakhala chete, kenako anati, "Achimwene, m'menemo samwalira munthu aliyense." Ndiye pamene ndinkakwiyira anzanga, kwinaku ndinali ndikuchita zomwezo kwa mwana wa mayi anga, ali yekhayekha kudziko la eni, akungofuna wocheza naye za chinthu chimodzi chomwe chimamusangalatsa akaweruka.

Za mnzanga wa ku Kasungu uja ndinazimva patapita chaka ndi miyezi, tili pa ukwati wa wina, titakhala kumbuyo kudikira kuti pelekanipelekani athe. Anayambitsa yekha. Anati tsiku lija sanapite kukagula mayunitsi, anakakhala pa khonde la golosale mpaka atatsimikiza kuti gawo la chimanga ladutsa. "Aise, iwe unationetsa ngati filimu. Kwathu chaka chimenecho tinaika ana awiri." Kenako anati, "Ukanandiuza." Ndinalibe choyankha. Ndinali nditamuika m'gulu la osazama munthu amene filimuyo inamulasa kuposa ine, ndipo kuseka konse kuja kunali kutchinga. Mwana wa a telala sakanachita zimene ndinachitazo. Iye asanayambe kufotokoza ankayang'ana kaye nkhope zathu kuti aone kuti lero tikufuna yotani.

Nanga mutani?

Musasiye, koma chokani pagulu mupite kwa munthu mmodzi. Sankhani filimu imodzi yoyenera iyeyo, osati yoyenera inu. Muuzeni ndi mawu anu chifukwa chake mwamuganizira, mumufotokozere kagawo kamodzi n'kulekera pokoma. Ngati muli yolemera, nenani kuti ndi yolemera. Ngati n'kotheka muonerere limodzi, nokha awiri. Mukatero musamufunsenso, ndipo iye akakuuzani yake, ngakhale ikhale ya mizukwa ya ku Nigeria, ionereni mpaka kumapeto.

Amene anati inamugonetsa tulo uja musamukwiyire. Pagulu lonselo ndi yekhayo amene anatsegula, ndipo sanakunamizeni ngati mmene ine ndinanamizira mlongo wanga. Yambirani kwa iyeyo.

Ena mundifunsa kuti nanga iwe ukutiuza iti. Ndangoletsa mndandanda, ndiye nditchula imodzi: The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya 2012. Ndi ya msodzi wa kunyanja amene nsomba zikumuthera m'madzi pamene alendo odzaona nyanja akusintha mudzi wake ndi banja lake. Ndikuuza makamaka inu amene munakulira ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota, amene mukukumbuka nthawi imene chambo sichinali ndiwo ya anthu olemera okha. Imayenda pang'onopang'ono, ndanena kale, musadzati sindinakuchenjezeni. Kuipeza kwake ndiye ntchito. Zimandipweteka kuti mnyamata wokopera mafilimu pamsika akhoza kukudzazirani fulashi ndi za ku Hollywood m'mphindi zochepa, koma mukamutchulira yathu yomwe amakuyang'anani ngati mwafunsa mankhwala a ndege. Yanga ndinabwereketsa kwa wina mu 2016, ndipo ngati akuwerenga pano akudzidziwa.

Achemwali, mundilembere dzina la filimu yogonetsa tulo ija, pamodzi ndi chifukwa chimene inakukhudzirani. Sindikulonjeza sabata ino, poti ndili ndi ngongole ya ku Korea. Gawo loyamba ndaliika kale pa foni, ndipo mlongo wanga wati andiimbira Lamlungu kudzandifunsa mafunso.