Imfa za mankhwala ozunguza bongo zatsika ku America, koma fentanyl sanachoke

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwana wawo ali pa sukulu ku America, ndipo amva kuti anthu omwalira ndi mankhwala ozunguza bongo kumeneko ayamba kuchepa. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi mtima ukhale pansi tsopano?"

Amayi, zomwe mwamvazo n'zoona. Bungwe la CDC, lomwe limawerengera imfa zimenezi, likuti mu 2022 anamwalira anthu pafupifupi 108,000, mu 2023 pafupifupi 105,000, ndipo mu 2024 anatsika kufika cha m'ma 80,000. Komatu mu 1999 sankakwana 17,000. Kunena kuti vuto latha kungakhale kukunamizani.

Chiyambi chake chinali kuchipatala, osati kumsewu. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inatulutsa OxyContin, mankhwala opha ululu a gulu la opioid, n'kumauza madokotala kuti sakolera munthu kwenikweni. Ambiri anakoledwa nawo. Malamulo atakhwima, cha m'ma 2010, omwe anazolowera aja anathamangira ku heroin. Kuyambira 2013 kunabwera fentanyl wopangidwa mobisa, yemwe naye ndi wa gulu la opioid, koma mphamvu zake zimaposa za heroin maulendo pafupifupi 50. Mamiligalamu 2 okha, tochepa ngati timibulu tingapo ta mchere, tikhoza kupha munthu.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, chifukwa kholo limati, "wanga sasuta, sadzibaya." Ogulitsa amadinda fentanyl m'mapiritsi ooneka ndendende ngati Xanax (wochepetsa nkhawa) kapena oxycodone (wopha ululu), mtundu ndi zilembo zomwe. Amapezekanso wosakanikirana ndi cocaine. Wophunzira yemwe wasowa tulo nthawi ya mayeso, mnzake n'kumupatsa piritsi limodzi la m'thumba, akhoza kugona osadzukanso, chikhalirecho sanakhalepo chidakwa cha mankhwala. Kwina mu fentanyl akuthiramo xylazine, mankhwala ogonetsa ziweto.

Nanga imfa zatsika bwanji? Akatswiri akusiyana maganizo, koma ambiri amatchula naloxone, wodziwika kuti Narcan. Amapopera m'mphuno, ndipo amatsitsimutsa munthu yemwe opioid wamulanda mpweya. Mu March 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalola kuti azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo kwa ine chimenechi n'chomwe akanachita kalekale.

Mukamuimbira foni mwanayo, musayambe ndi ulaliki, angotseka makutu. Muuzeni kuti piritsi losachokera ku famase asalimwe, ngakhale lichokere kwa mnzake wapamtima. Agule Narcan, asunge m'chikwama. Akaona mnzake sakudzuka ngakhale amugwedeze, akupuma patalipatali kapena kuliza mkonono wachilendo, milomo yatuwa, kadontho kakuda ka m'diso kachepa kwambiri, amupopere m'mphuno ndi kuimba 911, nambala ya zangozi kumeneko, pompo. Asamusiye yekha ati agone ziphwe, chifukwa mphamvu ya Narcan imatha kutha fentanyl akadali m'thupi.