Masiku atatu ku Philadelphia ndi ana komanso agogo: muone chiyani, musiye chiyani?

Mayi ena omwe amakhala ku Maryland, ku America, anditumizira imelo. Akuti apongozi awo aakazi abwera kuchokera kumudzi kudzacheza kwa miyezi ingapo, ndiye banja lonse likufuna kukawaonetsako mzinda wa Philadelphia. Alipo anthu asanu ndi mmodzi: iwowo, bambo a kunyumba, ana atatu a zaka 14, 9 ndi 4, komanso agogowo, omwe mawondo amawavuta. Ali ndi masiku atatu, ndalama ndi zowerengeka, koma mndandanda womwe atola pa intaneti uli ndi malo oposa makumi awiri. Akufunsa kuti ayambire pati, apite pagalimoto kapena pasitima, nanga anawo sakatopa nazo za mbiri yakalezi?

Mayi, mndandandawo uduleni kaye. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ulendowu sauyendetsa ndi inu kapena bambo ayi, auyendetsa ndi mawondo a agogo ndi tulo ta mwana wa zaka zinayiyo. Mwayi wanu ndi woti Philadelphia wakale ndi kadera kakang'ono. William Penn atakhazikitsa mzindawu mu 1682 anayala misewu yake mowongoka, ndipo yodutsa mopingasa anthu amaitchula ndi manambala. Zambiri zomwe mukupitira zili pakati pa 2nd Street ndi 6th Street, ndipo zofunika kwambirizo n'zaulere chifukwa zili m'manja mwa National Park Service, nthambi ya boma yosamalira mapaki ndi malo a mbiri yakale.

Za mayendedwe sindichedwapo. Sitima ya Amtrak kuchokera ku Washington imatenga pafupifupi maola awiri kukafika pa 30th Street Station, ndipo ndi yabwino ndithu, koma matikiti a anthu asanu ndi mmodzi, kupita ndi kubwera, akudyerani ndalama yomwe ikanalipira hotela. Pitani pagalimoto kudzera mu I-95, mukonzekere kulipira pa mageti a mumsewu. Mukafika galimotoyo muyiimike n'kuyiiwala. Kuyendetsa galimoto m'kati mwa mzinda wakale ndi kudzipsetsa mtima chabe: misewu yambiri ndi yolowera mbali imodzi ndipo poimika n'podula. Sitima yapansi panthaka ya Market-Frankford Line imaima pa 5th Street, pafupi ndi chilichonse, ndipo m'miyezi yofunda pamayenda basi yofiirira ya alendo yotchedwa PHLASH. Ngati muli ndi ufulu wosankha mwezi, tengani Epulo, Meyi, Seputembala kapena Okutobala. Julayi kumakhala chifundizi chosautsa, anthunso amadzadza.

Pogona funani malo okhala ndi khitchini, ngakhale yaing'ono. Munthu wamkulu amene wadya nsima moyo wake wonse, tsiku lachiwiri la masangweji ayamba kukhala chete, ndipo inu ngati mpongozi mukudziwa tanthauzo la kukhala chete kumeneko. Tengani ufa ndi mthiko.

Tsiku loyamba dzukani m'mawa muyambire ku Independence Visitor Center, pa 6th ndi Market. Pamenepa aliyense apite kuchimbudzi musanalowe pamzere uliwonse, mufunsenso za njinga ya olumala yoti agogo akhalepo akatopa. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayiyo mumutengere kabuku ka Junior Ranger: amayankha mafunso akamayenda, pomaliza amamupatsa baji. Kabukuka kamachepetsa kwambiri funso la “tibwerera nthawi yanji?”

Independence Hall ndi pokhapo pofunika kukonzekera muli kunyumba. M'miyezi ya alendo ambiri amalowetsa anthu ndi tikiti ya nthawi yake, yomwe mumatenga pa recreation.gov, kulipira dola imodzi pa tikiti. Sankhani ya m'mawa, mufike msanga chifukwa amasecha zikwama ngati pa bwalo la ndege. Ndikuchenjezeni kuti m'katimo simuli zonyezimira. Ndi chipinda cha matebulo okutidwa ndi nsalu zobiriwira, ndipo kuonako sikupitirira theka la ola. Chimene chimachititsa chipindacho kukhala chachikulu ndi nkhani yake, ndiye ana muwafotokozere usiku wake. M'menemo nthumwi za madera 13 olamulidwa ndi Britain zinavomereza chikalata cholengeza ufulu wodzilamulira pa 4 Julayi 1776, ndipo m'chipinda chomwecho anasainiramo malamulo oyendetsera dziko pa 17 Seputembala 1787. Mpando womwe George Washington, yemwe anadzakhala pulezidenti woyamba wa America, anakhalapo potsogolera zokambirana za 1787, wokhala ndi chithunzi cha theka la dzuwa kumutu kwake, ulipo mpaka lero. Auzeni ana aufunefune ndi maso. Kwa agogo nkhaniyi si yachilendo ayi: mtsamunda yemwe anthu awa ankakana mu 1776 ndi yemweyo tinatsanzikana naye ife mu 1964.

Belu la Liberty Bell lili kungodumpha msewu, silifuna tikiti, koma mzere wake umatalika dzuwa likakwera. Analiumba ku London mu 1752, linang'aluka atangoliyesa, ndipo amisiri awiri a mumzindawu, John Pass ndi John Stow, analisungunula n'kuliumbanso mu 1753. Linalira komaliza mu Febuluwale 1846. Agogo muwaonetse mawu olembedwa pamwamba pake. Ndi Levitiko 25:10, vesi la chaka choliza lipenga, lolamula kulalikira ufulu kwa onse okhala m'dziko. Dzina loti Liberty Bell silinachokere kwa a 1776 aja. Analipatsa m'zaka za m'ma 1830 ndi anthu olimbana ndi ukapolo, omwe ankafunsa kuti “onse” wa m'vesilo akutanthauza ndani.

Apa ndi pomwe ndikufuna muchedwepo, chifukwa alendo ambiri amangodutsapo akuthamangira belu. Pakhomo penipeni polowera ku belulo pali malo pomwe panali nyumba ya pulezidenti, nthawi yomwe Philadelphia inali likulu la dziko kuyambira 1790 mpaka 1800. Nyumbayo inagwetsedwa kalekale, patsala maziko. Washington ankakhala pamenepa ndi akapolo asanu ndi anayi omwe anawatenga kumunda kwake ku Virginia. Boma la Pennsylvania, dera lomwe muli Philadelphia, linali ndi lamulo la 1780 loti kapolo wobwera ndi mbuye wake kuchokera kudera lina akakhala miyezi isanu ndi umodzi yosadukiza, amasuke. Washington ankawatulutsa m'dera la Pennsylvania nthawiyo isanakwane kenako n'kuwabweretsanso, kuti kuwerenga kuyambirenso. Mtsikana wina mwa iwo, Ona Judge, anathawa mu Meyi 1796 banja la pulezidenti likudya chakudya chamadzulo, nakwera chombo mpaka ku Portsmouth ku New Hampshire. Anamufunafuna koma sanabwerere, ndipo anamwalira mu 1848 ali ku New Hampshire komweko. Nkhani iyi muyinene nokha ndi pakamwa panu, osadalira zikwangwani. Mwana wanu wa zaka 14 akukulira m'dziko limeneli ndi khungu lakuda. Kusukulu amva za Washington kambirimbiri, za Ona Judge mwina ayi. Ine sindiona chifukwa chomubisira mbali imodzi kapena kumunyozetsa mbali inayo. Zonse ziwiri zinachitikira pa msewu umodzi, ndipo iye wakula mokwanira kuzisenza.

Ikakwana nthawi ya nkhomaliro lekerani pomwepo za mbiri. Franklin Square, pa 6th ndi Race, ili ndi kasupe, malo osewerera ana ndi akavalo ozungulira okwera ana. Wamng'onoyo athamangeko, agogo akhale pa benchi. Mphamvu zikatsalako, manda a Benjamin Franklin, mmodzi wa omwe anasainira chikalata cha ufulu chija, ali pa 5th ndi Arch ndipo amaoneka muli panja pa mpanda. Anthu amaponyapo timakobidi, ana amakonda zimenezo.

Tsiku lachiwiri, makamaka likakhala Lamulungu, tsikani ndi 6th Street yomweyo kulowera kummwera, mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi, mpaka pa Lombard Street. Agogo akwere takisi ndi mmodzi wa inu, enanu muyende. Mudutsa pa Washington Square, paki ya mitengo yambiri yomwe pansi pake panakwiriridwa asilikali a nkhondo ya ufulu, anthu osauka ndi anthu akuda ambiri, akapolo ndi mfulu zomwe. Kumapeto kwake mupeza tchalitchi cha Mother Bethel. Richard Allen, yemwe anabadwa kapolo n'kudziwombola ndi ndalama zake, ankapemphera ndi anzake ku St George's Methodist. Tsiku lina akuluampingo achizungu anadzutsa mnzake wa Allen, Absalom Jones, ali chogwada popemphera kuti akakhale kwina, ndipo akudawo anatuluka onse. Allen anagula malo awa mu 1791, nakokerapo nyumba yakale yosuliramo zitsulo, n'kuyisandutsa kachisi mu 1794. Mu 1816 mpingo wa African Methodist Episcopal, womwe timangoti AME, unakhazikitsidwa pamenepa ndipo Allen anakhala bishopu woyamba. Malowa sanachokepo m'manja mwa anthu akuda chiyambire. Nyumba yomwe muone ndi ya m'ma 1890, ndipo manda a Allen ali m'chipinda chapansi momwenso muli zinthu zakale za mpingo.

Chomwe ndikukutumizirani kumeneku ndi ichi. Mpingo womwewu ndi womwe unathandiza mnyamata wina wa ku Kasungu, yemwe ankagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, kuti apite ku America mu 1925 kukaphunzira ku Wilberforce ku Ohio, sukulu ya AME. Mnyamatayo anali Hastings Kamuzu Banda. Kaya agogo amamukumbukira Kamuzu mokoma kaya mowawa, madzulo amenewo ana amva nkhani zomwe inu simungawauze, ndipo agogo sakhalanso mlendo wongotsatira pambuyo. Imbani foni kutchalitchiko musanapite kuti mudziwe nthawi ya mapemphero ndi yoonera chipinda chapansicho, ndipo muvale za kutchalitchi, chifukwa ndi mpingo wamoyo, si malo ongojambulirapo zithunzi.

Masana ake mutha kuona Elfreth's Alley, kanjira ka nyumba 32 komwe anthu akhala akukhalamo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Mpaka pano ndi makomo a anthu, ndiye ana asasuzumire m'mawindo. Miyala yoyala pansi m'timisewu takale timeneti ndi yosalingana, imazunza mawondo ndi kangolo ka mwana komwe. Mphindi khumi zakwana. Nyumba ya Betsy Ross ili pafupi, koma ndi yolipira, ndipo nkhani yoti mayiyu ndiye anasoka mbendera yoyamba ya America inayamba kumveka kwa mdzukulu wake mu 1870, patapita zaka pafupifupi zana. Ndikanakhala ine ndalamayo ndikanasunga. Ku Franklin Court, pa Market Street, amaonetsa mwaulere momwe ankasindikizira mapepala ndi makina amanja, ndipo ana amatengeka nazo kuposa pamenepo.

Tsiku lachitatu ndi la ana, ndipo ndi lomwe mulipire zenizeni. Sankhani malo amodzi okha. Franklin Institute, nyumba ya sayansi, ili ndi chimtima chachikulu chomwe ana amalowa m'kati n'kuyenda momwe magazi amayendera. Imakwanira onse atatu. Zoo ya Philadelphia, yomwe inatsegulidwa mu 1874, ndi yoyenda wapansi kwambiri, ndipo munthu amene anaonapo njovu ku Liwonde sangaidabwe. Museum of the American Revolution, momwe muli tenti ya Washington ya kunkhondo, ingakomere wamkuluyo ndi bambo ake, koma wamng'ono alira. Masitepe 72 a pa Philadelphia Museum of Art, otchuka chifukwa cha filimu ya Rocky, n'ngaulere: ana athamangepo, agogo awaonerere ali pansi.

Chakudya chili ku Reading Terminal Market, pa 12th ndi Arch, msika wa m'nyumba womwe wakhalapo kuyambira 1893. Ubwino wake aliyense amagula chomwe akufuna n'kudzakhala pamodzi, ndipo pali nkhuku, nsomba, mpunga ndi masamba zomwe agogo angazizindikire. Fikani isanakwane 12 koloko, apo ayi mudya choimirira. Ogulitsa achi Amish, gulu la Akhristu okhala moyo wachikale, sagwira ntchito Lamulungu. Sangweji yotchuka ya cheesesteak, ya nyama yang'ombe yodula mopyapyala ndi tchizi, ndi yaikulu moti ana awiri agawana imodzi, ndipo simukufunika kupita mpaka kwa Pat's kapena Geno's, malo otchuka nayo, kuti muilawe. Mukalakalaka zakwathu, ku Woodland Avenue kummwera chakumadzulo kwa mzinda kuli malesitilanti a anthu a ku West Africa, makamaka a ku Liberia, okhala ndi fufu ndi chigwada. Ingowauzani achepetse tsabola.

Powerengera ndalama muikepo msonkho wa 8 peresenti womwe umawonjezeredwa pa mtengo wolembedwa wa zinthu zambiri, ndi tipu ya 18 mpaka 20 peresenti mukadya mokhala pansi n'kutumikiridwa. Hotela muifunsiretu mtengo woimika galimoto usiku, chifukwa m'kati mwa mzinda kawirikawiri saphatikiza ndi wa chipinda. Ndipo agogo asanyamuke opanda inshuwalansi ya zaumoyo ya alendo komanso mankhwala awo a masiku onse atatu, kuphatikizapo a tsiku limodzi lapadera.