Amalume, za impso zija ndayankha apa

Moni amalume, moni nonse pagulu pano. Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pa naiti kuchipatala nde ndangodzuka kumene, mawu akamveka osasa mundikhululukire. Ndaona kuti ndikati ndilembe zichuluka, bola ndingolankhula.

Nde amalume mwafunsa kuti munapita kukayezetsa BP, kenako akukupatsani kabotolo kuti muikemo mkodzo, akukutenganinso magazi, ati akufuna aone impso chifukwa mapazi akumatupa madzulo. Inu mukudabwa kuti BP si nkhani ya mtima kodi, impso zikulowamo bwanji. Ndaonanso azakhali alemba za tiyi wina wotsuka impso amene akugulitsa kumsika, za tiyiyo ndibwerako, musagule kaye.

Impso zilipo ziwiri, zili kumbuyo uku, m'munsi mwa nthiti, ina mbali iyi ya msana ina mbali inayo. Kukula kwake ngati chibakera chanu basi, ya kumanja imakhala yotsikirapo pang'ono chifukwa pamwamba pake pali chiwindi. Mukaphera alendo mbuzi mumaziona zija zooneka ngati nyemba, ndi zomwezo. Mukaidula simungaone ndi maso, koma m'kati mwa impso imodzi muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni, kusukulu tinkati ma nephron. Magazi onse a m'thupi, amene ndi malita 5 chabe, amangozungulira kudutsa mmenemo usana ndi usiku, osapuma, olo mukugona.

Apa nde pamene ndimafuna mumvetsetse, chifukwa ine pondiphunzitsa ndinadabwa. Impso sizichita kusankha zoipa zokha n'kutaya ayi. Zimayamba zakhuthula kaye pafupifupi zonse, madzi, mchere, shuga, zinyalala, kenako n'kumatolamo zofunika kubweza m'magazi. Madzi amene amasefedwa pa tsiku amakwana malita ngati 180. Ganizani zigubu zija za malita 20 zotungira madzi kumjigo, zigubu 9 tsiku limodzi! Koma mkodzo umene munthu amataya ndi lita imodzi ndi theka, mwina awiri. Ena onsewo amabwerera. Mukakhala kumunda dzuwa likuswa mtengo, thukuta kamukamu, impso zimaumira madzi, nchifukwa chake mkodzo umatuluka wochepa komanso wachikasu kwambiri. Mukamwa thobwa wambiri zimamasula, mkodzo umayera. Inu simuchita kuzilamula, thupi limadziwa lokha.

Shuga nayenso amabwezedwa yense, munthu wabwinobwino mumkodzo mwake simupezeka shuga. Koma akachuluka m'magazi impso zimalephera kutola yense, wina amatsalira mumkodzo, ndi zija agogo ankanena kuti ukaona nyerere zikuunjikana pamene munthu wakodza ndiye kuti ali ndi shuga. Sankanama agogo.

Tsono BP ikubwera apa. Tisefa tija ndi timitsempha ta magazi tonyozoka kwambiri, tibowo take timalola madzi kudutsa koma puloteni ndi magazi enieniwo sizidutsa. Nde tangoganizani sefa ya ufa ija, muziipopera madzi a mphamvu tsiku ndi tsiku zaka 10, ikhala bwanji? Imayamba kung'ambika, kwina kutsekeka. Puloteni amayamba kuthawira mumkodzo, ena amaona mkodzo ukuchita thovu losatha msanga ngati mwathiramo sopo. Nchifukwa chake anafuna kabotolo kaja, amaviikamo kapepala kosintha mtundu kuti aone ngati muli puloteni, magazi kapena shuga. Magazi aja anatenga akufuna creatinine, ndi chinyalala chochokera m'minofu chimene impso zimayenera kutaya, akakwera ndiye kuti kusefa kwachepa. Pali chinanso, urea, chimene chiwindi chimapanga tikadya nyama, nyemba, nsomba, nachonso chimatulukira konko.

Choipa chake nchakuti zimakokerana. BP imawononga impso, impso zikafooka zimasunga mchere ndi madzi m'thupi, madziwo nde amakatsikira kumapazi, komanso BP imakweranso kuposa kale chifukwa impso zomwezo zimatulutsa kanthu kotchedwa renin kamene kamakweza BP. Nde zimangopitirira choncho, ichi chikukankha icho. Impso zilinso ndi ntchito ina anthu saidziwa, ndi zimene zimatumiza uthenga ku mafupa kuti apange magazi, nchifukwa chake wodwala impso nthawi yaitali amayera m'maso, kufooka, anthu n'kumati magazi akutha, amulodza.

Ndipo amalume ichi chokha musaiwale, impso sizilira. Munthu amatha kukhala ndi impso imodzi moyo wake wonse osadziwa n'komwe, nde zikamawonongeka pang'onopang'ono tisefa totsalato timangosenza katundu mwakachetechete, pomadzamva kudwala zimakhala zapita patali. Msana umene anthu amati impso zikundipweteka nthawi zambiri ndi khasu chabe kapena kunyamula matumba. Nde musamati poti sindikumva kupweteka ndisiye mapilitsi. Ine odwala otere ndawaona ambiri, BP ikangotsika amati ndachira, mankhwala pansi pa bedi.



Ndimalize njira ya mkodzo. Ukachoka mu impso umatsika m'timapaipi tiwiri, kutalika masentimita 25 mpaka 30, kukafika m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo ndi thumba la mnofu, limasunga pafupifupi theka la lita, likayamba kudzadza limauza ubongo kuti pezani pobisala. Kuchoka apo pali paipi imodzi yotulukira kunja. Kwa ife azimayi ndi yaifupi, masentimita 4 okha, abambo imafika 20, nchifukwa chake matenda a kutentha pokodza amakonda azimayi, tizilombo sitiyenda mtunda wautali. Amayi ndi azakhali mwamva eti, kusunga mkodzo tsiku lonse kumsika kuja si bwino.

Pepani amalume, apa ndilankhula ngati nesi osati mwana wa mlongo wanu, manyazi tiike pambali. Abambo akapitirira zaka 50 pali kanthu kotchedwa prostate kamene kamazungulira paipi ija pansi pa chikhodzodzo, kamakula n'kumafinya njira. Ngati mukumadzuka kangapo usiku, kapena mkodzo ukutuluka mofooka, kudontha, kumva ngati wina watsalira, musandiyankhe pagulu pano, koma adokotala mukawauze. Mkodzo ukamatsalira umabwerera m'mwamba n'kukatupitsa impso. Muwauzenso kuti munakulira kunyanja ku Nkhotakota mukusambira tsiku lililonse. Likodzo lija anyamata ankaliona ngati chizindikiro cha kukula, mazira ake amakhazikika m'chikhodzodzo, amasiya zipsera zimene zimatha kutseka timapaipi tija patapita zaka zambiri. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'masukulu.

Tsopano tiyi wa azakhali. Azakhali musandikwiyire, koma impso sizitsukidwa, izo ndi zimene zimatsuka magazi. Zambiri zimene mwamwa zimakathera komweko, nde impso yotopa kale muziipatsanso zitsamba zosadziwika muyezo wake, mukuionjezera mtolo. Kukodza kwambiri mutamwa tiyi sikutanthauza kuti zayera. Chimodzimodzi bufeni, indosidi ndi diclofenac, ndikudziwa amalume mumagula pa okala chifukwa cha mawondo aja, amenewo amachepetsa magazi opita ku impso, siyani. Zikavuta imwani panado, n'kukawauza adokotala za mawondowo. Za kumwa madzi ambiri, kwa munthu wabwinobwino ndi bwino, koma inu poti mapazi akutupa mufunse kaye kuti muzimwa ochuluka bwanji, musangotsatira za pa WhatsApp.

Mchere nde nkhondo ilipo. A WHO amati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Inu ndimakudziwani, musanalawe n'komwe dzanja lili kale pa mchere. Soda wa m'therere nayenso ali m'gulu lomwelo, timakyubu tokometsera ndiwo, nsomba zouma zothira mchere, tchipisi ta pa chiwaya. Akunyumba achepetse pophika pomwe, pakapita masabata angapo lilime lizolowera.

Sindikukuopsezani, kutupa mapazi kumabweranso ndi mtima, chiwindi, ngakhale mapilitsi ena a BP ngati amlodipine amatupitsa, nde tidikire zotsatira. Kungoti impso zikafika poima, chotsala kwa ambiri ndi dialysis, makina osefa magazi ngati aja ali ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, munthu kukhala pamakina maola 4, kawiri kapena katatu pa sabata, osalekeza. Kuchokera kumudzi kuja transipoti yokha mungaithe? Pamene pano chofunika ndi kumwa mapilitsi m'mawa uliwonse, kuchepetsa mchere ndi kupita ku sikelo ya BP tsiku limene analemba.

Mukapita Lachinayi mutenge buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ndi a pa okala omwe, muwaike m'jumbo akaone okha. Zotsatira zikatuluka wina ajambule tsambalo anditumizire ku inbox, pamene palembedwa creatinine paoneke bwino, asajambulire mumdima ngati ulendo watha uja.