Asilikali obwera kunkhondo analowapo m'mayunivesite, ngakhale pa Wits pomwe pano

Bambo, mwafunsa ngati zinachitikapo kuti munthu amene anagwira ntchito ya usilikali n'kupuma analowa yunivesite ali wamkulu kale, popeza inuyo munatumikira m'gulu lankhondo la Malawi, panopa mukugwira ntchito ya ulonda muno mu Johannesburg, ndipo anzanu akukuuzani kuti nthawi ya sukulu inakupitirirani. Zinachitika, ndiponso zinachitikira anthu ochuluka kwambiri.

Nkhani yodziwika bwino ndi ya ku America. Pa 22 June 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanathe, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anasainira lamulo lotchedwa GI Bill, limene linkalipirira msilikali wobwera kunkhondo fizi yofika madola 500 pachaka, n'kumamupatsanso ndalama yodyera mwezi ndi mwezi. Akuluakulu ena a mayunivesite otchuka ankaopa kuti anthu ozolowera mfuti adzatsitsa maphunziro, koma sizinatero, chifukwa asilikaliwo, ambiri ali ndi akazi ndi ana, ankalimbikira kuposa anyamata ongochoka kumene kusekondale. Mu 1947 pafupifupi theka la onse olowa m'makoleji a dzikolo anali asilikali akale, ndipo pofika 1956 anthu oposa 2 miliyoni anali ataphunzira m'makoleji ndi m'mayunivesite kudzera m'lamuloli.

Komabe ndikufuna ndikhazikike pa za kuno, popeza ambiri a ife timadutsa ku Braamfontein tsiku ndi tsiku osadziwa zimene zinachitika kuseri kwa mpanda wa Wits. Nkhondo itatha mu 1945, boma la Jan Smuts linapereka thandizo la ndalama ndi ngongole kwa asilikali ofuna kuphunzira, ndipo iwo anakhamukira ku Wits mpaka zipinda zophunziriramo ndi malo ogona zinachepa, moti ena ankagona ku Cottesloe, m'nyumba zimene asilikali ankagwiritsa ntchito pa nthawi ya nkhondo. Joe Slovo, amene anadzakhala nduna yoona za nyumba m'boma la 1994, anabwerako kunkhondo n'kuphunzira zamalamulo pa Wits pa nthawi imene Nelson Mandela ankaphunziranso pomwepo. Harry Schwarz anali m'gulu lankhondo la m'mlengalenga, anayamba pa Wits mu 1946, ndipo patapita zaka zambiri anakhala kazembe wa South Africa ku America. Anthu otere sanabwere ndi mabuku okha. Anali ataona ndi maso zimene tsankho la Hitler linachita, ndipo ena mwa iwo anali m'gulu la Torch Commando limene mu 1951 linatsutsa boma la National Party pa nkhani yochotsa makaladi pa kaundula wa ovota.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti khomo limeneli silinatsegukire onse mofanana. Anthu akuda a ku South Africa amene analowa Native Military Corps sankaloledwa kugwira mfuti, ankayendetsa magalimoto, kunyamula ovulala ndi kulondera, ndipo pobwerera analandira zochepa kwambiri poyerekeza ndi azungu. Job Maseko, amene anamiza sitima ya adani padoko la Tobruk mu 1942 ali mkaidi wa nkhondo, anamwalira mu 1952 ali mmphawi. Ku America nakonso asilikali akuda a m'zigawo za kum'mwera ankakanizidwa m'mayunivesite a azungu, ndipo makoleji a anthu akuda anadzaza mpaka ambiri anabwezedwa.

Agogo athu a Keyala (gulu lankhondo la King's African Rifles), amene anakamenya nkhondo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, anapeza vuto lina losiyana. Pamene ankabwerera ku Nyasaland, m'dziko monse munalibe yunivesite, pakuti University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo ngakhale sukulu za sekondale zinali zitangoyamba kumene, ku Blantyre ndi ku Zomba. Ambiri anaphunzira kuwerenga, kuyendetsa galimoto ndi ntchito zamanja ali ku usilikali komweko, koma njira yopitirizira maphunzirowo panalibe. Nsanja ya chikumbutso cha Keyala ku Zomba imatikumbutsa za amene anafera kunkhondo, koma sitikamba kawirikawiri za nzeru za amene anabwerako amoyo n'kusowa kozipititsa.

Choncho chimene chinkasiyanitsa msilikali wolowa yunivesite ndi wotsala sichinali msinkhu kapena nzeru, koma kupezeka kwa womulipirira ndiponso lamulo lomulola kulowa. Inunso vuto lanu lenileni lagona pamenepo. Lamulo la Military Veterans Act la 2011 limathandiza asilikali akale ndi ana awo pa maphunziro, koma limakhudza nzika za South Africa zokha, ndiye musaliwerengere. Yambani ndi kukonza mapepala: satifiketi yanu ya MSCE muipereke ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi muno mu South Africa, kuti aiunike, kenako mufunse ku ofesi yolembera ophunzira za njira yolowera anthu akuluakulu, chifukwa malamulo a kuno ali ndi mwayi wapadera kwa amene akwanitsa zaka 23 komanso kwa amene akwanitsa zaka 45. Ngati mashifiti a usiku sangakuloleni kukhala m'kalasi, yunivesite ya Unisa imaphunzitsa munthu ali kwawo, ndipo mungathe kulembetsa maphunziro ochepa pachaka malinga ndi ndalama imene muli nayo.