Kabokosi ka mwana wanu musakabise pafupi ndi siteshoni

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Leeds, mzinda wa kumpoto kwa England. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi:

"Achimwene, mwana wanga wa zaka 11 anapita ku Dartmoor ndi banja la mnzake pa holide, ndipo chibwerereni nkhani yake ndi ya letterboxing basi. Wasema kale chidindo chake pa labala, wagula kakope, tsopano akufuna tikabise bokosi lake. Malo amene wasankha ndi m'maluwa a pafupi ndi siteshoni ya sitima, akuti chifukwa pamadutsa anthu ambiri. Ine mtima wanga sukukhazikika. Kodi ndi zololedwa? Sitingalowe nazo m'mavuto? Nanga anthu osawadziwa amene azibwera kudzafuna bokosilo?"

Amayi, mwachita bwino kufunsa musanapite. Yankho langa lalifupi ndi lakuti mwanayo mulimbikitseni, masewerawa ndi abwino kwambiri, koma pafupi ndi siteshoni ayi. Pamenepo pokha musamumvere ngakhale alire.

Ndiyambe ndafotokozera anzathu amene sanamvepo za masewerawa. Munthu amatenga kabokosi kosalowa madzi, n'kuikamo kakope ndi chidindo cha labala, nthawi zambiri chosema yekha, n'kukabisa penapake panja. Kenako amalemba malangizo okhala ngati ndagi: kuchokera pamwala wakutiwakuti yendani mapazi makumi atatu kuloza kumpoto, muyang'ane pansi pa mtengo wopendekeka. Wofunafuna akakapeza amadinda chidindo cha m'bokosicho m'kope lake, iyenso n'kudinda chake m'kakope ka m'bokosi, n'kubwezera zonse monga anazipezera. Palibe chotenga, palibe ndalama.

Zinayambira ku Dartmoor komweko, m'chigawo cha Devon, mu 1854. James Perrott, munthu wa ku Chagford amene ankalondolera alendo m'chipululumo, anasiya botolo pa Cranmere Pool kuti ofika pamalopo aziikamo timakhadi ta mayina awo. Pambuyo pake anthu anayamba kusiyamo makalata, wobwera pambuyo n'kukawatumizira ku positi, ndipo dzina lakuti letterbox linachokera pamenepo. Ku America masewerawa anafala magazini ya Smithsonian italemba za iwo mu 1998.

Mbiriyi ndaitchula ndi cholinga. Cranmere Pool ili pakati pa dambo, kutali ndi msewu, ndipo kuti ukafikeko uyenera kuponda matope kwa maola. Wopeza botolo la Perrott anali munthu amene wapitira dala. M'tauni zinthu n'zosiyana. Pa munthu mmodzi wodziwa masewerawa, pamadutsa mazanamazana osawadziwa, ndipo ndi amenewo muyenera kuwaganizira pobisa. Funso lalikulu ndi lakuti: wosesa, mlonda, kapena gogo wokhala pabenchi akaona kabokosi aka, kapena akakuonani inu mukukalowetsa m'maluwa, aganiza kuti n'chiyani?

Kwathu tonse tikudziwa zimene zimachitika munthu akapeza kabotolo komangamanga katakwiriridwa pamphambano kapena kuseri kwa nyumba. Palibe amene amati ndi masewera a ana. Mudzi wonse umasonkhana, ndipo amene anaonedwa akuwerama pamalopo dzulo lake amakhala ndi mlandu woyankha. Kuno mantha ake ndi a bomba, ndipo ali ndi gwero lake. Mu February 1991 bomba la IRA, gulu lomenya nkhondo la ku Ireland, linaphulika mu bini pa siteshoni ya Victoria ku London, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mabini achitsulo anachotsedwa m'masiteshoni ambiri. N'chifukwa chake lero mumaona matumba apulasitiki oonekera mkati atapachikidwa m'malo mwa mabini. Mawu aja mumawamva tsiku lililonse pa zokuzira mawu m'sitima, olimbikitsa okwera kunena chilichonse chokayikitsa, anthu amawatsatiradi, ndipo amatumiza uthenga pa 61016 kwa apolisi a m'sitima.

Pali njira ina imene ogwira ntchito m'masiteshoni ndi m'masitolo akuluakulu amaphunzitsidwa akapeza katundu wopanda mwini. Amaitcha HOT, ndipo ndi mafunso atatu. Kodi chinthucho chabisidwa dala? Kodi chikuoneka chokayikitsa, monga kukhala ndi mawaya, mabatire kapena tepi? Kodi ndi chinthu chimene chimapezeka pamalo otere masiku onse? Ambulera yoiwalika pabenchi imapambana mafunso onse atatu. Kabokosi ka mwana wanu kagwa pa funso loyamba lomwe, chifukwa kabisidwa dala, ndipo kagwanso pa lachitatu. Mlonda amene angaitane apolisi adzakhala atachita ndendende zimene anaphunzitsidwa, ndipo ine sindingamudzudzule.

Izitu zinachitikapo pafupi ndi kwanu komweko. Mu July 2011 ku Wetherby, katauni ka kufupi ndi Leeds, munthu wogwira ntchito pamalo ena odyera anaona bambo wina akulowetsa kabokosi kapulasitiki pansi pa chotengera cha maluwa mumsewu wa masitolo, n'kuchokapo. Anaimbira apolisi. Msewu unatsekedwa, masitolo anatsekedwa kwa maola angapo, ndipo asilikali odziwa za mabomba anabwera ndi loboti n'kukaphulitsa. Kanali ka geocaching, masewera apachibale ndi letterboxing amene anayamba mu 2000 ndipo amagwiritsa ntchito GPS m'malo mwa ndagi. Bamboyo analibe cholinga choipa chilichonse. Koma eni masitolo anataya malonda a tsikulo, ndipo apolisi ndi asilikali anasiya ntchito zina n'kuthamangira kakope ndi pensulo.

Choncho masiteshoni, njanji, mabwalo a ndege, milatho, madamu, masukulu, zipatala, nyumba za boma, malo opemphereramo, mabwalo a mpira ndi misika yodzaza anthu, zonsezi zichotseni m'maganizo. Pasukulu ndi pamalo osewerera ana pali vuto linanso: mukutuma anthu akuluakulu osadziwika kuti azikazungulirazungulira pamene pali ana, ndipo makolo ali ndi ufulu wonse wochita mantha.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuchinena mosabisa, popeza tikulankhulana tokhatokha. Ife khungu lathu limaoneka patali. Tsiku lina ndinagwada m'mbali mwa mpanda wa paki ina ndikufufuza bokosi m'masamba, chikwama chili kumsana. Sipanapite mphindi zisanu, mlonda anafika n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinaimirira pang'onopang'ono, ndinamupatsa moni, n'kumuonetsa pepala la malangizo, kope langa lodzaza zidindo ndi kabokosi ka inki. Anatsegula kopelo, n'kuyang'ana tsamba ndi tsamba, ndipo tinasiyana bwinobwino. Koma ndikuyenda kubwerera, miyendo inkanjenjemera. Mwana wanu pano ali ndi zaka 11. Zaka zinayi zikubwerazi adzakhala mnyamata wamtali wovala jekete lachipewa, ndipo akadzagwada m'maluwa pafupi ndi siteshoni anthu sadzamuona ngati mwana. Muphunzitseni kuyambira lero kuti wina akamufunsa asathawe, asabise manja, anene zoona nthawi yomweyo n'kuonetsa kope lake. Pamasamba ena a pa intaneti a masewerawa amalangiza kunamizira kumanga nsapato kapena kuyankha foni pofuna kuti anthu asazindikire. Ine malangizo amenewo sindigwirizana nawo. Ngati malo akufuna kuti uzichita zozembazemba ngati mbala, malowo ndi olakwika.

Tsopano za bokosi lenilenilo. Gulani kontena yapulasitiki yoonekera mkati, ya chivindikiro chokhoma m'mbali, yonga yosungiramo ndiwo. Munthu azitha kuona kakope ndi chidindo asanatsegule. Kunja lembani m'Chingerezi, ndi inki yosafufutika, kuti ndi letterbox, ndi masewera, mulibe choopsa, ndipo ikanipo adiresi ya imelo. Musaikulunge ndi tepi yakuda kapena nsalu ya mawanga a asilikali pofuna kuti isaoneke, chifukwa kubisa koteroko n'kumene kumaipangitsa kuoopsa. Paipi yotsekedwa mbali zonse ziwiri ndiye musayerekeze n'komwe, maonekedwe ake ndi a bomba lenileni. Mabokosi achitsulo akale osungiramo zipolopolo, amene ena amawakonda chifukwa salowa madzi, ku Dartmoor amawakaniza. Kumpoto kwa Dartmoor asilikali ali ndi malo atatu ophunzirira kuwombera, Okehampton, Merrivale ndi Willsworthy, ndipo m'nthaka mumapezeka zida zosaphulika. Ana akazolowera kuti chitsulo chobisika pansi pa mwala n'chotsegula, tsiku lina adzatola chosayenera. Cranmere Pool yomwe ija ili mkati mwa malo a Okehampton. Mukadzafuna kumuperekeza kumeneko, onani kaye masiku owombera amene boma limalengeza pa intaneti, ndipo mukaona mbendera zofiira masana kapena nyali zofiira usiku, musadutse zikhomo zofiira ndi zoyera.

M'bokosi musaikemo chakudya, masiwiti kapena chilichonse chonunkhira, chifukwa nkhandwe ndi agalu adzalifukula. Musaikemo mpeni, machesi kapena mankhwala.

Chilolezo. Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Malo alionse kuno ali ndi mwini wake, kaya ndi khonsolo, mlimi, kapena mabungwe monga National Trust ndi Woodland Trust. Kukhala ndi ufulu woyenda m'kanjira ka anthu onse sikukupatsani ufulu wosiya katundu m'mbali mwake. Lembani imelo yaifupi kwa oyang'anira paki, fotokozani masewerawo, tumizani chithunzi cha bokosi ndi cha malo ake. Ena adzakana, ndipo mungovomereza. Akalola, phindu lake n'lalikulu kuposa pepala chabe: wolima maluwa ndi mlonda adziwa kuti kabokosiko kalipo, ndipo munthu akadzabwera akuthamanga kuti waona chinthu, amukhazika mtima pansi asanaimbe 999. Mwanayo alembe yekha imeloyo, inu mungomuthandiza. Aphunzirapo zambiri.

Pobisa musakumbe, musathyole nthambi, musakhome msomali mumtengo. Ku Yorkshire kwanuko kuli makoma aja amiyala yosanjikiza popanda simenti, odutsa m'mapiri monse. Amakopa kwambiri chifukwa ali ndi mipata yambirimbiri, koma ofunafuna amayamba kusolola mwala uwu ndi uwo mpaka khoma kugumuka, nkhosa za mwini wake n'kutuluka. Mabwinja ndi milu yamiyala ya anthu akale nazonso zisiyeni.

Ganiziraninso dzanja la amene adzabwere kudzapisa pamene mwabisapo. M'tchire la m'tauni mumakhala magalasi osweka ndi masingano a jakisoni otayidwa ndi ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Ine ndinaonapo singano itagona m'masamba owuma, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pamene ndinkafuna kupisa, ndipo kuyambira tsikulo ndimayenda ndi magolovesi a kudimba ndi kandodo kofukulira masamba. Sankhani malo amene munthu angaone bokosi ndi maso asanalowetse dzanja. Asakhale pamphepete pa phompho, pagombe loterera la ngalande, pafupi ndi mabokosi a magetsi, kapena pomwe wofunafuna ayenera kuwoloka msewu wothamanga magalimoto maso ali papepala. Kuthengo, njoka yaululu m'dziko muno ndi imodzi yokha, yotchedwa adder, ndipo imakonda kuothera dzuwa pamiyala nyengo yofunda. Koma chimene ine ndimaopa kwambiri ndi nkhupakupa. Za kuno n'zazing'ono ngati kambewu ka chitowe, ndipo zina zimapatsa matenda a Lyme. Mukabwera koyenda m'maudzu aatali, muyang'aneni mwana kuseri kwa mawondo, m'khwapa ndi m'mutu. Mukaipeza, ichotseni ndi kachipangizo kopanira, mutaigwira pafupi ndi khungu. Pakadzatuluka chizindikiro chozungulira chomakulirakulira, kapena akayamba kutentha thupi, pitani naye kwa dokotala ndipo mutchule za nkhupakupayo. Pakhungu lakuda chizindikirocho sichioneka chofiira monga m'zithunzi za m'mabuku, chimatha kungooneka ngati pathimbirira, choncho yang'anitsitsani pamalo owala.

Funso lanu lomaliza, la anthu osawadziwa, ndi limene lili losavuta. Ofunafuna amabwera nthawi yawo, amadinda, n'kumapita, ndipo simukumana nawo. Chofunika n'chakuti bokosi lisawalondolere kwa mwanayo. Asalembe dzina lake lenileni, sukulu yake, nambala ya foni kapena chithunzi chake, kaya m'kakope kaya m'malangizo. Osewera onse amagwiritsa ntchito dzina lamasewera, ndiye asankhe lake, mwina lachichewa, Kalulu kapena Nyenyezi. Imelo ya pachivindikiro ikhale yatsopano, yoiyang'anira inu. Akaunti ya pa Atlas Quest, tsamba la pa intaneti la masewerawa, kapena kulikonse kumene mudzaike malangizo ikhalenso m'manja mwanu. Bokosi lisakhale pafupi ndi pakhomo panu kapena panjira yake ya kusukulu, ndipo asamapite yekha kukaliona.

Kukaliona kumeneko n'kofunika. Chivindikiro chimang'aluka ndi chisanu, zolemba zimafufutika, kakope kamanyowa, ndipo bokosi losiyidwa limasanduka zinyalala zokayikitsa. Muzipitako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse, ndipo tsiku limene mwanayo adzatope nazo, kapena mukadzasamuka, mukalichotse n'kufufuta malangizo.

Ndikanakhala inu, Loweruka likubwerali ndikanakwera naye basi kupita ku nkhalango ya Otley Chevin, bokosi n'kulisiya kunyumba. Mukayende m'nkhalangomo, iye asankhe malo atatu, mujambule zithunzi, ayese kuwerenga mapazi ndi kulemba ndagi yake. Madzulo mukhale pansi mulembere oyang'anira malowo. Akakuyankhani, mundilembere, ndipo munditumizire malangizowo. Ndikadzabwera cha kumpoto ndidzatenga chidindo changa.