Zimitsani kaye kompyutayo achimwene

Mwati hard disk yanu, chosungira mafayilo mu kompyuta, ikulira? Zimitsani kaye kompyutayo achimwene, hard disk ikamalira kuti thi thi thi ndiye mukamangoyatsayatsa mukuimaliza nokha. Ine nkhani zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Kuntchito kwathu tinkalipira mnyamata wina wa IT mwezi ndi mwezi ati azitisungira backup, makope apadera a mafayilo athu, akabwera ankangoti zonse zili bho bwana. Tsiku lina kunagwa mvula yaziphaliwali, magetsi anathima nkubweranso mwamphamvu, kompyuta ya akaunti kungomva fungo lakupsa basi. Tinati palibe vuto si backup ilipo. Abale inu! External yakeyo, disk yapadera yomwe ankasungiramo backup, inali yolumikiza pa kompyuta yomweyo, nayo inapsera limodzi. Ku Google Drive komwe ankati amaika zinthu tinakapeza foda yadzina lokha mkati mulibe kanthu. Ma invoice, mndandanda wa anthu angongole, malipiro a antchito, zonse zapita, ndipo kunali kumapeto kwa mwezi anthu akudikira salale panja. Ndinangokhala pansi thukuta lili kamukamu, abwana akundiyang'ana ngati ndawotcha ndine. Makasitomala ena atamva anayamba kukana ngongole ati tionetseni pepala. Mnyamata uja foni osayankha, atapezeka akuti mphenzi sindinaitume ine. Mxiii.

Ndiye anthu a IT awa osawakhulupirira ndakuuzani. Komabe disk yanuyo musaitsegule nokha, pitani nayo kwa katswiri, kafumbi kakangolowa mkatimo kamakanda ma platter, timbale tomwe pamalembedwa mafayilo. Mapulogalamu obwezera mafayilo a Recuva ndi PhotoRec amathandiza ngati munangofufuta mafayilo mwangozi disk ili yamoyo, ndipo osaika pulogalamuyo pa disk yomweyo chifukwa imalemba pamwamba pa zomwe mukufunazo. Ikakhala SSD, mtundu wa disk wopanda ma platter, ndiye zovutirapo, lamulo lake lotchedwa TRIM limachotseratu zomwe mwafufuta.

Zikatheka muyambe 3-2-1, makope 3 a mafayilo anu, pa zipangizo zamitundu 2, kope 1 likhale kutali ndi ofesi losalumikiza kulikonse. Maersk, kampani yaikulu ija ya sitima zapanyanja, itagwidwa ndi vairasi ya pakompyuta ya NotPetya mu 2017 inapulumukira pa seva (kompyuta yosungira zinthu za kampani) ina ya ku Ghana yomwe inali yozima chifukwa magetsi anali atathima. Gulaninso UPS, chipangizo cha batire choteteza kompyuta magetsi akathima. Ndipo amene akukusungirani backup muzimuuza abweze fayilo imodzi inu mukuona ndi maso anu, akayamba zoti network ikuvuta lero mchotseni.